Chinavina, Osati Anavina

Achinyamata akabwera kwathu kudzandifunsa kuti awerenge mabuku ati kuti adziwe kulemba nkhani, sindiwabweza. Ndimawauza kuti ayambe ndi nkhani zazitali zopeka, zija zoti ukaziyamba nyemba zimapserera pamoto. Awerenge mpaka maso awawe, kenaka abwereze buku lomwelo kuti aone m'mene mwini wake analumikizira zinthu. Koma pali funso limodzi limene limandiumitsa pakamwa. Wina amati, "Nanga mabuku ophunzitsa kalembedwe, agogo, alipo abwino?" Alipo, inde. Limodzi ndinaliwerenga ndili mtsikana, ndipo linali labwino kwambiri moti linatsala pang'ono kuwachotsetsa ntchito atate anga.

Munali m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya chitaganya. Ine ndinali mu Sitandade 6 pa sukulu ya mishoni ina kuseri kwa mapiri a ku Dedza, ndikugonera kwa asisiteri. Atsikana ofika kalasi imeneyo tinali ochepa, ndipo ambiri ankatiyang'ana ngati tasochera. Kumeneko kumazizira, abale. Mu Juni nkhungu inkalowa mpaka m'kalasi, zala n'kumakana kugwira cholembera.

Aphunzitsi athu a Chinyanja ndi Chingerezi anali mlendo wochokera kumpoto kwenikweni. Chinyanja anachiphunzira m'mabuku, ndiye ankachilankhula chowongoka ngati mzere wa mbatata ya kachewere wobzalidwa ndi chingwe. Sankamenya mwana. Chuma chawo chinali kabati ya mabuku imene inali kuseri kwa chitseko, ndipo kiyi wake ankamumangirira pa lamba. Ataona kuti ndamaliza timabuku tonse ta Chinyanja, tina mpaka kubwereza, anayamba kundisankhira a Chingerezi chofewetsedwa.

"Uyambe ndi ili," ankatero. "Ilo lisiye kaye, likulemera."

Lina linali la mkazi wamasiye wogulitsa m'sitolo mu mzinda wa utsi wokhawokha. Lina linali la anyamata awiri apachibale olimbirana munda wa bambo awo, ndipo ine linandisokoneza mutu. Ndinawafunsa aphunzitsi kuti anthu amenewa analibe kuchikazi kodi, kuti azikanganirana munda wa mkamwini? Anaseka mpaka kupukuta magalasi. Ndikabweza buku sankandifunsa ngati landikomera. Ankandifunsa kuti, "Wadana ndi yani m'menemo?" Ndikatchula, ankati, "Chifukwa?" Apo ndiye tinkakangana mpaka belu, pakuti ine pakamwa sipanandivutepo chibadwire.

Tsiku lina anatulutsa buku la chikuto chobiriwira, msana wake wosokedwa ndi ulusi wakuda. Anati limeneli si nkhani, koma limaphunzitsa munthu kupanga nkhani. Chingerezi chake chinali cholimba, choncho tinkaliwerenga limodzi Loweruka masana pakhonde la kalasi, iwo akumasulira. Linkanena kuti munthu alembe zimene maso ake aona, osati zakumva. Linkati afunefune kanthu kakang'ono kamene anzake onse sanakaone, chifukwa kameneko ndi kamene kamapatsa nkhani moyo. Linkatinso aliyense wa m'nkhani akhale ndi dzina ndi nkhope, ndipo wolemba asamubisire wowerenga zimene iye akudziwa. Ine ndinameza zonsezo osatafuna. Aphunzitsi anati ndilembe nkhani yangayanga m'Chinyanja, ndipo sindinavutike kusaka, chifukwa inalipo kale, ikundidya m'mimba.

Amayi anga anali atamwalira chaka cha m'mbuyo mwake, nthawi ya zokolola. Atate anali mkamwini m'mudzi mwathu, munthu wosalankhulalankhula, mmisiri womanga nyumba za njerwa pa mishoni pomwepo. Anali wobatizidwa, wa korona m'khosi. Pa maliro a amayi sanagwetse msozi ngakhale umodzi. Anangokhala tsonga pansi pa mtengo wa pichesi, maso gwa, ngati akudikira lole. Anthu anaona, ndipo azakhali ena ananong'ona mokweza kuti mwamuna uyu ali ndi mtima wa mwala. Atawasudzula, monga amachitira ndi mkamwini mkazi wake akafa, anatola chipande chawo chomangira ndi bulangete n'kubwerera kwawo ku Kaphuka. Ife ana tinatsala m'manja mwa atsibweni. Nyumba ya amayi inagwetsedwa monga mwa mwambo, panangotsala chulu cha dothi.

Ndinawada atate anga chaka chathunthu. Ntchito ya pa mishoni sanaisiye, ndiye ndinkawaona tsiku ndi tsiku ali pa khoma, koma ndinkangogwada, "Mwaswera bwanji atate," n'kunyamuka asanamalize kuyankha.

Bona la amayi, mowa uja wokumbukira womwalira, linachitika ife tili pa tchuthi. Akuchimuna anatumiza nkhuku ndi uthenga wakuti atate agwidwa ndi ntchito sabwera. Ndinalavula. Abale a amayi sanali a tchalitchi, ndiye panali gule wamkulu. Ana a sukulu tinkaletsedwa kuonerera, koma awa anali amayi anga, ndipo ndinaima pakati pa azimayi oimba n'kumawomba nawo m'manja.

Dzuwa litapendeka, zilombo zina zitavina kale, kunatulukira china chochokera kumudzi wina. Kumutu chinali ndi nthenga za nkhanga zophimba nkhope yonse, thupi lonse mbuu ndi phulusa. Sichinachite zamatama monga zinzake. Chinapalasa fumbi pang'ono, kenaka chinasiya bwalo n'kulunjika pa chulu paja panali nyumba ya amayi. Pamenepo chinadzigwetsa, chinagubuduka, chinakanda dothi ndi zala, chikulira ndi kamawu kakang'ono kaja zilombo zimalirira. Oimba ng'oma anachitsatira ndi ng'oma zawo. Azimayi ena anasiya kuimba. Chitadzuka chinabwera kumene ndinaima ine. Anzanga anabalalika akukuwa monga mwa masiku onse, koma ine ndinaima pomwepo. Chinafika pafupi n'kugwada. Ndinazolika, pakuti mtsikana sayang'ana chilombo kumaso, ndipo maso anga anagwera pa phazi lake lamanzere. Linalibe chala chaching'ono.

Atate anga analibe chala chaching'ono kuphazi lamanzere. Mwala unawaphwanya ali mnyamata. Ndanena zimene ndanenazo, ndipo musandifunse zopitirira apa.

Sukulu itatsegulidwa ndinkafunitsitsa kuwathamangira pa khoma paja, kuwagwira miyendo n'kuwauza kuti ndinaona, ndipo mkwiyo wanga watha. Koma zimenezo mungazinene bwanji? Kwathu mkazi sadziwa za kudambwe, kumalo kobisika kuja kumene zilombo zimachokera. Kunena zoona amadziwa, nanga mkazi angalephere kuzindikira msana wa mwamuna wake? Koma kudziwa ndi kwina, kunena ndi kwina. Ndiye mawu onse amene anakanika kutuluka pakamwa ndinawathira m'kope. Ndinalemba fumbi, ndinalemba nthenga, ndinalemba chulu. Ndinakumbukira buku lobiriwira lija ndi kanthu kake kakang'ono kamene ena sanakaone, ndipo ndinalemba chala.

Aphunzitsi anandiitana Lachitatu ana ena atapita kukadya. Kope langa linali pa tebulo, lofiira psuu ndi inki. Paliponse pamene ndinalemba kuti chinabwera, iwo anadula chi n'kuikapo a. Chinavina anasandutsa anavina. Chinalira anasandutsa analira. Mawu akuti chilombo anawakhwatcha, pamwamba pake n'kulemba kuti munthu wovala nthenga.

"Aphunzitsi, mwalakwitsa," ndinatero.

"Ndalakwitsa ine?" Anamwetulira. "Munthu timati anavina. Chi ndi wa chinthu, chitseko, chimanga."

"Si munthu. Ndi chilombo."

"Iwe, mtsikana wa Sitandade 6, ukhulupirira kuti zimatuluka m'manda?"

"Zimene ndikhulupirira ndi zanga. Koma chinavina."

Anatsegula tsamba lomaliza n'kuloza ndi chala. "Nanga apa? Apa sindinakonze ine. Werenga."

Ndinawerenga. Ndinali nditalemba ndekha ndi dzanja langa kuti, chilombo chinafika pamene ndinaima, ndipo anagwada. Kalanga ine! Dzanja linali litapereka ulemu kwa mwini wake ine osadziwa.

"Waona?" anatero aphunzitsi, maso akuwala ngati mwana wapeza ngumbi. "Dzanja lako lanena zoona. Ukumudziwa munthu ameneyu. Buku lija linati chiyani? Usamubisire wowerenga. Umupatse dzina, utiuze kuti ndi ndani kwa iwe, ndipo nkhani iyi idzaliza anthu. Chala ichi chokha, mtsikana iwe, ena amakalamba osalemba chinthu chotere."

Kenaka ananena chimene chinandimaliza. Anati ansembe aakulu akusonkhanitsa nkhani za Chinyanja zoti atumize kwa osindikiza mabuku, ndipo iwo aphunzitsi asankha yanga. Akaipereka ikangokonzedwa.

Pamenepo ndi pamene ndinadzidzimuka. Ansembe aakuluwo ankayendera ntchito yomanga m'mawa uliwonse. Atate ankagwira ntchito opanda nsapato, ndipo pa mishoni ponse panalibe wosadziwa phazi lawo. Anyamata opereka njerwa ankachita kuwaseka nalo. Masiku amenewo mkhristu wopezeka ku gule ankaimitsidwa masakramenti, ndipo ngati anali wantchito wa mishoni, ankauzidwa kuti atole zake. Kumudzi nako, a kudambwe akanamva kuti mwana wamkazi walemba pa pepala zozindikira chilombo, akanati atate ndiwo anaulula. Akulu amati mapanga awiri avumbwitsa. Atate anali atabisala m'mapanga awiriwo mosamala zaka zonsezo, ndipo mvula inali kubwera ndi ine.

"Ndipatseni kope langa, aphunzitsi. Sindikufuna kuti ipite."

"Manyazi amenewo," anatero. "Olemba onse amayamba choncho." Analiponya m'kabati n'kukhoma.

Ndinawapempha mawa lake, anakana. Ndinapsa mtima n'kuwauza kuti nkhani ndi yanga, si ya kumpoto. Anangoseka, pakuti ankandikonda, ndipo ankayesa kuti akundichitira zabwino. Amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Zoona, koma kalumo kakuthwa m'manja mwa munthu wosadziwa mutu umene akumeta kamatema. Kuwauza chifukwa chenicheni sindikanatha, chifukwa kuwauzako ndiye kuulula kumene ndinkakuthawa.

Lachisanu masana tikutuluka m'kalasi anati, "Tiye, tikawauze atate ako nkhani yabwinoyi." Ndinati ndikumva mutu. Anati mphepo indichiza. Ndinawatsatira m'mbuyo ngati mbuzi yopita kumsika.

Atate ankamanga khitchini yatsopano ya asisiteri. Khoma linali litafika m'chiuno, ndipo iwo anaima pansi pafupi ndi mulu wa matope omangira, chipande m'manja. Panali amuna ena angapo, wina akuponda dothi, ena akutuntha njerwa. Ambiri a iwo anali a m'midzi yozungulira, ndipo ndani anali wa kudambwe ndani sanali, ankadziwana okha. Ndinagwada chapatali.

"Abambo," anatero aphunzitsi mokweza, "mwana wanuyu ndi mlembi! Walemba za bona la amayi ake, ndipo ndikuti nkhaniyo ikasindikizidwe m'buku."

"Zikomo," anatero atate, osasiya kupaka matope pa njerwa.

"Ali ndi maso mwanayu. Walemba za gule ngati kuti tili pomwepo. Waona ngakhale phazi la wovinayo, kuti linalibe..."

Anathera pomwepo. Ndinaona maso awo akutsika, monga amachitira munthu akatchula phazi, n'kukaima pansi pamene atate anaponda. Woponda dothi uja anasiya kuponda.

Atate anaika njerwa pamalo pake, anaigogoda ndi chigwiriro cha chipande, n'kuchotsa matope otuluka m'mbali. Kenaka pang'onopang'ono anasuntha phazi lamanzere n'kulilowetsa mu mulu wa matope uja mpaka m'kakolo.

"Ana a sukulu amaona zambiri, aphunzitsi," anatero. "Mutikhululukire, dothi likuuma."

Tinabwerera ine ndi aphunzitsi. Ine ndinkalira ndi mkwiyo, ndipo ndikanakhala ndi mwala m'manja sindikudziwa kuti ndikanagenda yani, iwo, buku lija kapena ine ndemwe.

Loweruka masana, nthawi yathu yowerenga ija, aphunzitsi anandipeza pakhonde n'kundipatsa kope langa. Nkhope yawo inali yotopa.

"Ansembe sanaione," anatero. "Palibe wina waiona." "Koma ndikuuze zoona, chifukwa sindinakunamizepo. Ukachotsa chala chija, nkhani yafa. Buku silinaname. Usankhe wekha."

Ndinasankha. Ndinailembanso yonse. Ndinachotsa chala, ndinachotsa kugwada, ndinachotsa chulu cha nyumba ya amayi. Ndinabwezera chi aliyense pamalo pake. Inatsala nkhani ya zilombo zimene zinabwera, zinavina, zinapita, anthu n'kumwa mowa. Masamba akale aja ndinakawasonkhezera pansi pa mphika wa nyemba kukhitchini. Aphunzitsi anawerenga yatsopanoyo ataimirira, anagwedeza mutu n'kundibwezera opanda inki yofiira ngakhale dontho. Kwa ansembe kunapita nkhani ya mnyamata wina, ya ulendo wa pa njinga kupita ku boma. Mabuku anapitiriza kundibwereka mpaka ndinachoka pa sukulupo, ndipo ankandifunsabe kuti ndadana ndi yani. Koma sanandiuzenso kuti ndilembe, ndipo buku lobiriwira lija silinatulukenso m'kabati. Zinandiwawa kwambiri, ndipo panapita zaka zambiri ndisanagwirenso cholembera kuti ndipeke nkhani.

Milungu ingapo ndinkadzuka ndi mantha, kuyembekezera kumva kuti atate aitanidwa ku ofesi, kapena kuti a kudambwe awatumizira uthenga. Sizinachitike. Amuna a pa khoma aja anameza zimene anamva, monga amadziwira kumeza. Atate anamaliza khitchini, anayamba khoma lina.

Lamulungu lina titatuluka mu Misa atate anandikodola. Tinapita kuseri kwa tchalitchi kumene kunali mulu wa njerwa zosweka. Iwo anakhala pa njerwa, ine ndinagwada pa udzu. Ndinkati mwina lero tilankhulana, mwina anditukwana, ndipo ngakhale kutukwanako ndikanakulandira ndi manja awiri.

"Ndamva kuti unalemba za chilombo," anatero.

"Ndinang'amba, atate. Ndinatentha."

Anagwedeza mutu.

"Chinavina bwino?"

Misozi inangoti waa. "Chinavina bwino, atate. Chinalira kuposa tonse. Ine ndinkafuna kuti mudziwe kuti..."

Anakweza dzanja, ndipo ndinasiya.

"Mayi," anatero, pakuti ndi mmene ankanditchulira ndili wamng'ono, "chilombo chilibe mkazi. Chilibenso mwana. Wamva?"

"Ndamva, atate."

"Pita, asisiteri angakufunefune."

Podzuka ndinazolika monga mwa ulemu, ndipo ndi pamene ndinaona. Anali atavala nsapato zansalu zoyera, zogula kwa amwenye ku boma, zazikulu pang'ono, zingwe zomangidwa mfundo ngati za thumba la chimanga. Munthu amene anakwera mapiri onse a Dedza ndi mapazi, amene ngakhale pa ukwati wake akuti sanavale nsapato. Ankayenda nazo ngati waponda minga.

Ntchito sanachotsedwe. Anamanga pa mishoni paja mpaka msana unakana, ndipo anamwalira akulandira masakramenti. Ndinkapita kukawaona ku Kaphuka nditakwatiwa, ndi ana anga, ndipo tinkacheza za mvula, za mbewu ya kachewere, za mitengo ya zinthu. Adzukulu awo amandiuza kuti masiku ena onse ankayenda opanda nsapato ngati kale, kumunda ndi kudimba komwe. Koma akangomva kuti ndikubwera, kapena akandiona ndikutsika pa mtunda paja, ankalowa m'nyumba msangamsanga. Potuluka kudzandilonjera ankakhala atavala nsapato.